Kadimiyamu ndi Ubongo wa Mwana: Kabuku ka Mabanja a m'Matauni a Migodi ku Midlands

Kadimiyamu ndi chitsulo chofewa, chotuwira, chomwe sichipezeka pachokha m'nthaka kawirikawiri. Chimabisala m'miyala ya zinki, mtovu ndi kopa, ndipo chimatulukira poyera miyalayo ikakumbidwa, kugayidwa kapena kusungunulidwa. Anachitulukira ndi katswiri wa ku Germany, Friedrich Stromeyer, mu 1817. Mafakitale amachigwiritsa ntchito popanga mabatire ena otchaja, penti yachikasu ndi yofiira, mapulasitiki ena, komanso pokutira zitsulo kuti zisachite dzimbiri.

Thupi la munthu limafuna ayironi, zinki ndi kashiamu, koma kadimiyamu lilibe naye ntchito ngakhale pang'ono. Choipa chake chachikulu n'chakuti akalowa satuluka msanga. Amakakhazikika mu impso ndi m'chiwindi, ndipo pamapita zaka 10 mpaka 30 kuti theka lake lokha lichoke. Mtsikana amene wamumeza ali ndi zaka 12 adzakhala akadali naye pa nthawi ya pathupi pake poyamba. Alibe fungo, sasintha maonekedwe a madzi, ndipo ndiwo zamasamba zomera pa dothi lomwe lili naye zimabiriwira bwinobwino.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza mabanja a ku Midlands

Kwekwe, Redcliff, Shurugwi ndi Zvishavane, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, ndi matauni obadwa ndi migodi ndi ng'anjo. Mgodi wa golide wa Globe and Phoenix ku Kwekwe unayamba m'zaka za m'ma 1890. Ku Shurugwi kwakumbidwa kuromu ndi golide kwa zaka zoposa 100, ndipo tsopano kuli pulatinamu ku Unki. Zvishavane inakula ndi asibesitosi wa ku Shabanie, Redcliff ndi chitsulo cha ku Ziscosteel, komwe ng'anjo zinazima mu 2008. Ambiri mwa anthu omwe anagwira ntchito m'malowa anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo ana ndi zidzukulu zawo adakali ku Amaveni, Torwood, Mandava, Maglas, Makusha ndi m'makomboni ena. Mabanja otere nthawi zambiri alibe mudzi wokalimako m'dziko la Zimbabwe. Munda wawo ndi kadimba ka kuseri kwa nyumba, kamalo ka m'mbali mwa njanji kapena ka m'tsinde mwa dampu (mulu wa zotsalira za kumgodi), ndipo n'chifukwa chake dothi la m'tauni limawafika m'mbale kuposa anzawo omwe amalandira ufa ndi ndiwo kuchokera kumudzi.

Madampu sali ofanana. Ena ali ndi kadimiyamu wochepa kwambiri, ena wochulukirapo, malinga ndi mwala womwe unagayidwa, ndipo maso sangasiyanitse. Chomwe chimasiyanitsa ndi kuyeza kulabotale. Golide wa m'derali amapezeka kwambiri m'miyala ya salufa. Miyala yotere ikagayidwa n'kusiyidwa pa mvula ndi mpweya imatulutsa madzi a asidi, ndipo madziwo amasungunula zitsulo n'kuzikokolera m'mitsinje ndi m'madimba. Makorokoza, anthu okumba golide paokha, akamafukulanso madampu akale, ndiponso zigayo za miyala zikamamangidwa pafupi ndi nyumba, fumbi lomwe linagona kalekale limadzukanso, makamaka ndi mphepo ya mu Ogasiti mpaka Okutobala.

Kutsekedwa kwa mgodi sikuthetsa vutoli. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe, ku Zambia, womwe unkatulutsanso kadimiyamu, unatsekedwa mu 1994, koma patapita zaka zoposa 20 akatswiri a ku University of Zambia ndi a ku Hokkaido University ya ku Japan anapezabe mtovu wochuluka kwambiri, pamodzi ndi kadimiyamu, m'matupi a ana a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu.

Mgodi si gwero lokhalo. Kwa munthu wosuta, fodya ndiye amabweretsa kadimiyamu wambiri. Kwa wosasuta, ndi chakudya. Mabatire, zinyalala zotenthedwa, madzi a suweji ndi mapoto ena zimawonjezerapo.

Momwe ubongo umakulira

Ubongo wa munthu wamkulu uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni, ndipo ochuluka mwa iwo amapangidwa mwana asanabadwe. Ntchitoyi imayamba molawirira kwambiri. Pofika tsiku la 28 chiyambireni pathupi, kachubu komwe kadzasanduke ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana kamakhala katatsekeka kale, pomwe amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima.

Kuchokera pamenepo zonse zimatsata ndondomeko. Maselo oyambirira amagawikana n'kuchuluka. Kenako lililonse limasamukira pamalo pake, n'kuyamba kutulutsa nthambi zofunafuna anzake, monga momwe dzungu limayangira mpaka litagwira mpanda. Nthambizo zikakumana zimalumikizana, ndipo pamapeto pake zimakutidwa ndi mafuta othandiza uthenga kuthamanga. Kuona, kumva, kuyankhula, kukumbukira ndi kutchera khutu m'kalasi, zonsezi zimadalira malumikizano amenewa. Mwana akamabadwa ubongo wake umalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ubongo wa munthu wamkulu, ndipo pofika zaka ziwiri umakhala utafika pafupifupi magawo atatu. Gawo lililonse lili ndi nyengo yake, ndipo chomwe chalephereka pa nyengo yake chimavuta kuchikonza mtsogolo.

Zomwe kadimiyamu amachita m'maselo

Akatswiri amalera maselo a minyewa ya munthu m'timbale ta kulabotale, n'kuwathira kadimiyamu kuti aone chochitika. Zomwe zimaoneka mobwerezabwereza ndi izi:

- Kadimiyamu amafanana ndi kashiamu pa kukula ndi mphamvu yake, choncho amalowa m'selo kudzera m'njira za kashiamu. Kashiamu ndiye amauza selo nthawi yogawikana, yosamuka, yotulutsa nthambi ndi yotumiza uthenga. Kadimiyamu akalowerera, malangizowo amasokonekera.
- Amalanda malo a zinki m'mapuloteni ambiri, kuphatikizapo omwe amakonza chibadwa cha selo chikawonongeka.
- Amawononga tizigawo ta m'selo topanga mphamvu, ndipo amamaliza zoteteza zomwe selo limadzitchinjiriza nazo.

Zotsatira zake, maselo oyambirira aja amagawikana mochepa, nthambi zimafupika ndi kuchepa, ndipo maselo ena amafa nthawi yake isanakwane. Maselo omwe akukula ndi omwe amavulala msanga kuposa okhwima. Munthu wamkulu ali ndi chotchinga pakati pa magazi ndi ubongo chomwe chimabweza kadimiyamu wambiri, koma kwa mwana wosabadwa ndi wakhanda chitetezo chimenechi chimakhala chikukhwima kumene.

Mbale ya kulabotale si mwana, choncho akatswiri ena anatsatira ana enieni. Ku Matlab, m'dziko la Bangladesh, anayeza mkodzo wa amayi oyembekezera oposa 1,000, kenako n'kuyesa nzeru za ana awo atafika zaka 5. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2012 zinaonetsa kuti ana a amayi omwe anali ndi kadimiyamu wochuluka anapeza mamalikisi otsikirapo. Chaka chomwecho kafukufuku wa ku United States, wa ana a zaka 6 mpaka 15, anapeza kuti vuto lophunzira movutikira linkapezeka kwambiri mwa ana a kadimiyamu wokwera mu mkodzo. Akafukufuku ena m'mayiko ena sanapeze kusiyana koonekera. Umboni wa mtovu ndi mekyule pa ubongo wa mwana ndi wolimba kuposa wa kadimiyamu, ndipo ku Midlands, komwe mekyule amagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku pogwira golide, zimenezi siziyenera kuiwalika. Komabe zitsulozi zimalowa m'nyumba pa njira zofanana, ndipo banja lotseka njira ya chimodzi latsekanso ya zinzake.

Mwana wokhudzidwa satentha thupi, satuluka zidzolo, ndipo salira modabwitsa. Kusiyana kwake kumakhala kochepa ndipo kumadzaoneka patapita zaka. Komanso si mwana aliyense wochedwa kuyankhula kapena wovutika kusukulu amene walowedwa ndi chitsulochi. Kunyentchera, kuchepa kwa magazi, kusowa kwa ayodini, vuto la makutu ndi kubadwa movutikira zimachita zomwezo, ndipo n'zofala kwambiri.

Mayi, nsengwa ndi ayironi

Pa magawo 100 a kadimiyamu amene munthu wameza, matumbo amayamwa pafupifupi 5 okha. Koma njira yomwe matumbo amayamwira ayironi ndi yomweyo imene kadimiyamu amadzera. Thupi likaperewera ayironi limatsegula njirayo kwambiri, ndipo kadimiyamu amalowa mowirikiza kangapo. N'chifukwa chake akazi, omwe amataya magazi mwezi ndi mwezi ndiponso pobereka, amapezeka kawirikawiri ndi kadimiyamu wochuluka kuposa amuna odya nawo mbale imodzi. Pathupi pakamakula, kufunika kwa ayironi kumakwera, njira ija n'kutsegukanso.

Zinaoneka poyera ku Toyama, ku Japan, komwe zotsalira za mgodi wa Kamioka zinkathiridwa mu mtsinje wa Jinzu, alimi n'kumathirira nawo mpunga. Matenda otchedwa itai-itai, ofewetsa mafupa ndi kuwononga impso, anagwira makamaka amayi omwe anabereka kangapo. Boma la Japan linavomereza mu 1968 kuti gwero lake linali kadimiyamu.

Nsengwa imagwira kadimiyamu wambiri kuti asafike kwa mwana, kotero magazi a mumchombo amakhala ndi wochepa kuposa a mayi. Koma wina amadutsabe, ndipo nsengwa yodzaza ndi kadimiyamu imalephera kupereka zinki mokwanira. Ichi chikhoza kukhala chimodzi mwa zifukwa zomwe ana ena a amayi otere amabadwira ochepa sikelo. Mu mkaka wa m'mawere mumalowa wochepa kwambiri.

Palibe mankhwala odalirika ochotsera kadimiyamu amene wakhazikika m'thupi. Ntchito yonse ya banja ndi yomuletsa kulowa.

Zoyenera kuchita pakhomo

1. Utsi wa fodya utuluke m'nyumba

Mbewu ya fodya imakoka kadimiyamu m'nthaka n'kumusunga m'masamba. Ndudu imodzi imakhala ndi maikulogalamu 1 mpaka 2, ndipo mapapo amayamwa gawo lalikulu kuposa matumbo. Magazi a osuta amakhala ndi kadimiyamu wowirikiza kangapo kuposa a osasuta.

- Mayi woyembekezera, kapena amene akufuna kutenga pathupi, asasute, asafwenthe fodya wa m'mphuno kapena kuika wa m'kamwa.
- Bambo kapena agogo osuta azisutira panja, kutali ndi khomo ndi mawindo, ngakhale m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi.
- Chingambwe si chabwinoko kuposa ndudu za m'sitolo.

2. Fumbi la kuntchito lithere kuntchito

- Wogwira ntchito kumgodi, kuchigayo kapena kung'anjo azivula ovolosi asanalowe m'nyumba, azisiya majombo panja, ndipo azisamba asananyamule mwana.
- Zovala za kuntchito zichapidwe pazokha, m'beseni lakelake, osati pamodzi ndi matewera. Madzi ake asathiridwe kudimba. Ngati n'kotheka, asachape ndi mayi woyembekezera.
- Miyala ya golide isasinjidwe pakhomo, ndipo mtondo kapena sefa za chakudya zisakhudze miyalayo. Golide wosakaniza ndi mekyule asatenthedwe m'khitchini kapena pakhonde.
- Mwana asaberekedwe kupita naye kuchigayo kapena padampu. Mayi wogulitsa zakudya kumeneko azivundikira malonda ake, ndipo akakhala ndi pathupi asunthire kutali ndi kolowera fumbi.

3. Pansi pomwe mwana amakwawa pakhale ponyowetsedwa, osati pongosesedwa

Mwana wokwawa amaika chala m'kamwa kambirimbiri pa ola limodzi, ndipo pa kukula kwa thupi lake amameza dothi lochuluka kuposa wamkulu aliyense. Tsache louma limangoulutsa fumbi lomwe limateranso pamphasa.

- M'nyumba muzikolopedwa, ndipo mawindo, matebulo ndi zidole zizipukutidwa ndi nsalu yonyowa.
- Pabwalo pazidonthezedwa madzi pasanasesedwe. Pomwe pali poyera pabzalidwe udzu kapena pathiridwe dothi lochokera kutali ndi dampu.
- Mchenga wa padampu usagwiritsidwe ntchito pozira, pomanga khonde, poumba njerwa kapena pothira pabwalo, ngakhale uli waulere ndi wosalala bwino.
- Ana azisamba m'manja ndi sopo asanadye, ndipo zikhadabo zawo ziziwengedwa. Padampu si posewerera.

4. Dimba likonzedwe mwanzeru

Apa m'pofunika kukhalitsa, chifukwa kadimiyamu amasiyana ndi mtovu. Mtovu wambiri umakakamira m'dothi ndi kunja kwa masamba, pomwe kadimiyamu amayamwidwa ndi mizu n'kulowa m'kati mwa tsamba. Ku Harare, akatswiri a ku University of Zimbabwe anayeza ndiwo zothiriridwa ndi madzi a suweji kufupi ndi Firle, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2006 zinaonetsa kadimiyamu wopitirira muyezo, makamaka mu tsunga, yemwe ndi mpiru. Muyezo wa pa dziko lonse wa ndiwo zamasamba ndi mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu.

Mbewu sizikoka mofanana. Zamasamba monga mpiru, repu, kovo, sipinachi, letesi ndi bonongwe ndizo zimasunga wambiri. Mbatata, kachewere, mtedza ndi mpendadzuwa zimatsatira. Chimanga, nyemba, khobwe, matimati, maungu ndi zipatso za m'mitengo zimasunga wochepa m'gawo lomwe limadyedwa.

- Malo okayikitsa, monga m'tsinde mwa dampu, m'mbali mwa ngalande ya kumgodi kapena pomwe pankatenthedwa zinyalala, asabzalidwe ndiwo zamasamba. Ngati palibe kuchitira mwina, pabzalidwe chimanga, nyemba kapena maungu.
- Masamba alimidwe m'mabedi okwezeka kapena m'masaka, m'dothi lotengedwa kutali ndi migodi, lakuya masentimita 30 kapena kuposerapo. Pansi pa bedi payalidwe masaka kuti mizu isafike dothi lakale.
- Nthaka ya asidi wambiri imamasula kadimiyamu kuti mbewu zimukoke mosavuta. Laimu wa kumunda amachepetsa asidiyo. Athiridwe pa mlingo womwe mlangizi wa zaulimi wa Agritex wanena, n'kusakanizidwa bwino ndi dothi milungu ingapo mbewu zisanabzalidwe.
- Feteleza wobereketsa wa AN akathiridwa chaka ndi chaka popanda laimu amawonjezera asidi m'nthaka. Asapitirire mlingo.
- Manyowa a khola ndi kompositi yowola bwino zimagwira kadimiyamu kuti asalowe msanga m'mizu. Matope a suweji ndi phulusa la padzala pomwe patenthedwa mapulasitiki ndi mabatire si manyowa.
- Madzi a suweji yophulika, a m'maenje a migodi ndi a m'ngalande zofiirira kapena zachikasu asathiriridwe ndiwo.
- Masamba atsukidwe ndi madzi oyera kawiri kapena katatu, akunsi okhudza dothi atayidwe, ndipo mbatata ndi kaloti zisendedwe.

Feteleza wokulitsa wa fosifeti, monga Compound D, amakhalanso ndi kadimiyamu malinga ndi mwala womwe anapangira. Mwala wa fosifeti wa ku Dorowa, m'dziko la Zimbabwe, ndi wochokera ku chiphalaphala cha pansi pa nthaka, ndipo miyala ya mtundu umenewu imakhala ndi wochepa poyerekeza ndi yomwe inaunjikana pansi pa nyanja zakale. Palibe chifukwa chosiyira feteleza. Chofunika ndi kusamwaza mopyola muyezo pa kamalo kamodzimodzi.

5. Madzi akumwa

Bungwe la World Health Organization linaika malire a maikulogalamu 3 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Madzi a m'mipopi ya khonsolo ndi a mijigo yoyezedwa ndiwo oyenera kumwa ndi kuphikira phala la mwana. Madzi akasowa kwa masiku, monga zimachitikira ku Redcliff ndi ku Gweru, mabanja amathamangira zitsime zosazama ndi maenje akale a migodi. Madzi amenewo akhale ochapira ndi a kuchimbudzi basi. Mpopi ukayambanso kutuluka, ndowa yoyamba isamwedwe, chifukwa madzi ogonera m'mapaipi akale a malata amatenga zitsulo. Okolola madzi a mvula asiye mvula yoyamba itsuke fumbi la padenga. Migolo ndi zigubu zomwe munali sayanaidi kapena mankhwala ena a kumgodi zisasungire madzi a pakhomo, ngakhale zitatsukidwa.

6. Ayironi, zinki ndi kashiamu zikwanire

- Mayi ayambe sikelo akangozindikira kuti waima, ndipo azimwa mapiritsi a ayironi ndi foliki asidi tsiku lililonse monga anamwino alangizira.
- Atsikana omwe atha msinkhu aziyezedwa magazi akamaoneka otuwa m'maso ndi m'zikhatho, otopa msanga kapena ochita chizungulire.
- Matemba odyedwa ndi minga yomwe, mazira, nyama, madora, nyemba, khobwe ndi mkaka zizipezeka pa chakudya cha mayi ndi cha mwana wopitirira miyezi 6. Matemba osinja akhoza kuthiridwa m'phala.
- Magwafa, malalanje, malambe ndi matimati zimathandiza thupi kuyamwa ayironi. Tiyi amaletsa, choncho amwedwe patapita ola limodzi kapena awiri chidyereni.
- Impso ndi chiwindi cha ng'ombe kapena mbuzi yokalamba, makamaka yodya msipu wa kufupi ndi madampu, zisapatsidwe kwa mayi woyembekezera ndi ana aang'ono. Mnofu wake ulibe vuto lotere.
- Bowa wozulidwa pafupi ndi madampu ndi nsomba za m'maenje a migodi zisadyedwe.

Chilakolako chodya dothi chimagwira amayi ambiri oyembekezera, ndipo nthawi zambiri ndi chizindikiro cha kuchepa kwa ayironi. Dothi la pachulu, la pakhoma kapena logula pamsika limabweretsa zitsulo m'mimba pa nthawi yomwe matumbo ali okonzeka kuyamwa chilichonse, ndipo limaletsanso ayironi wa m'chakudya kulowa. Mayi wolakalaka dothi awauze anamwino mosabisa kuti amuyeze magazi. Magazi akakwera, chilakolakocho chimachepa kawirikawiri.

7. Mapoto, mabatire ndi zitsulo zakale

- Mapoto oumbidwa posungunula zitsulo zakale, monga zidutswa za injini, apezeka m'mayiko angapo kuti amatulutsa mtovu ndi kadimiyamu, makamaka pophika zowawasa. Phala la mwana lisaphikidwemo, chakudya chisagonemo, ndipo m'kati mwake musakwechedwe ndi mchenga.
- Mahewu, thobwa ndi chambiko zisasungidwe mu ndowa ya malata. Ndowa ya pulasitiki yopangidwira chakudya kapena mtsuko ndi zabwino.
- Shelefu ya firiji yakale isasandutsidwe waya wowotchera nyama kapena chimanga, chifukwa ena mwa mashelefu akale anakutidwa ndi kadimiyamu.
- Mabatire olembedwa Ni-Cd kapena Cd, omwe amapezeka m'matochi otchaja, m'nyali zina za kumgodi ndi m'zida zakale zamagetsi, asaswedwe, asatenthedwe, asaponyedwe m'chimbudzi kapena kudimba. Asungidwe m'chigubu chotseka pomwe ana safikapo, ndipo a khonsolo kapena a Environmental Management Agency (EMA) afunsidwe kokawasiya.
- Mawaya ndi zidutswa za wailesi kapena kompyuta zisatenthedwe pakhomo pofuna kopa.
- Mikanda, ndolo ndi zibangili zotsika mtengo zisaperekedwe kwa mwana woika zinthu m'kamwa.

Chenjezo kwa owotcherera zitsulo

Kudula kapena kuwotcherera chitsulo chokutidwa ndi kadimiyamu kumatulutsa utsi woopsa. Munthu amamva bwino pa nthawiyo, koma patapita maola angapo amayamba kutsokomola, kuphwanya m'thupi, kutentha ndi kubanika. Ichi si chimfine wamba, ndipo chitha kupha m'masiku ochepa. Wodwalayo apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo anene ntchito yomwe amagwira. Ntchito yotere izichitikira panja, kutali ndi ana.

Zolakwika zofala

Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikuchotsa zitsulo. Madzi akaphwera, zitsulozo zimangochulukana m'otsalawo. Mankhwala a kolorini nawonso sachotsa.

Ambiri a kumigodi amakhulupirira kuti kumwa mkaka akaweruka kumatsuka fumbi ndi poizoni. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma sufika m'mapapo ndipo sutulutsa chomwe chili kale mu impso. N'chimodzimodzi ndi zitsamba ndi timabotolo togulitsidwa kuti n'totsuka m'thupi. Tina mwa ito timawonjezera ntchito ku impso zomwe zatopa kale.

Kutsuka masamba kumachotsa fumbi la kunja kokha. Komabe kusiyiratu ndiwo zamasamba chifukwa cha mantha ndi kulakwitsa kwina, chifukwa kumabweretsa kuperewera kwa zakudya komwe kumakulitsa vutolo. Chofunika kusintha ndi malo olimapo ndi madzi othirira. Kusinthasintha ndiwo ndi kogula kumathandizanso kuti banja lisadalire dimba limodzi lokayikitsa.

Amayi ena amasiya mapiritsi a ayironi chifukwa cha nseru, chimbudzi chakuda kapena mphekesera yakuti amakulitsa mwana n'kuvutitsa pobereka. Chimbudzi chakuda si chachilendo ndipo sichoopsa, nseru imachepa piritsi likamwedwa pogona kapena pambuyo pa chakudya, ndipo amene amakhala pa chiopsezo chachikulu pobereka ndi mayi wochepa magazi.

Kukazinga kapena kuwotcha dothi lodyedwa sikuchotsa zitsulo.

Kuletsa mwana kuyamwa poopa kadimiyamu n'kumulanda chitetezo. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, n'kupitiriza mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Mkaka wa m'chitini wosungunulidwa ndi madzi okayikitsa ungamupatse zitsulo zambiri kuposa bere.

Kuyezetsa ndi kokadandaula

Kuyeza dothi kumafuna ndalama, koma mabanja olima malo amodzi akhoza kusonkherana. Dothi litengedwe motere:

1. Pasankhidwe malo 8 mpaka 10 omwazikana m'dimba lonse.
2. Pa malo alionse pachotsedwe zinyalala za pamwamba, n'kukumba dothi la masentimita 20 oyamba.
3. Lonse lisakanizidwe mu ndowa ya pulasitiki yoyera, osati ya malata.
4. Patapidwe pafupifupi theka la kilogalamu, liumitsidwe pamthunzi, liikidwe m'jumbo yatsopano, ndipo palembedwe malo ndi tsiku.
5. Popereka, papemphedwe kuti ayeze asidi wa nthaka, kadimiyamu, mtovu ndi aseniki. Kuyeza kwa masiku onse kumangoona chonde, choncho zitsulo ziyenera kutchulidwa.

Alangizi a Agritex amadziwa njira yotumizira dothi ku Chemistry and Soil Research Institute ku Harare kapena kulabotale ina. Za madzi a chitsime kapena mjigo, woyamba kumufikira ndi wa zaumoyo wa khonsolo kapena wa pakiliniki, ndipo botolo lotengera madzi lichokere kwa oyezawo. Madzi a kumgodi otayikira mumtsinje, dampu logumuka kapena chigayo chothira fumbi m'nyumba za anthu zikanenedwe ku Environmental Management Agency, yomwe ili ndi ofesi ku Gweru ndi m'maboma. Dandaulo lolembedwa, losainidwa ndi mabanja angapo ndiponso lodzera kwa khansala, limamveka kuposa la pakamwa la munthu mmodzi. Za chitetezo cha ogwira ntchito m'makampani zimayang'aniridwa ndi bungwe la NSSA.

M'thupi, kadimiyamu amayezedwa mu mkodzo, womwe umaonetsa amene waunjikana kwa zaka, kapena m'magazi, omwe amaonetsa wa miyezi yaposachedwa. Kuyeza kumeneku sikuchitika pa makiliniki aang'ono, ndipo amalamula ndi dokotala akaona chifukwa chake. Mayi akamayamba sikelo anene ngati amakhala pafupi ndi dampu, ngati iye kapena mwamuna wake amagwira ntchito ya golide kapena ya zitsulo, ngati m'nyumba muli wosuta, ndiponso ngati amadya dothi.

Mwana azipita kusikelo mwezi ndi mwezi, ndipo khadi lake lizisungidwa bwino. Anamwino auzidwe msanga ngati mwana sakutembenukira komwe kukuchokera phokoso, sakukhala yekha pofika miyezi 9, sakuyenda pofika miyezi 18, kapena sakulumikiza mawu awiri pofika zaka ziwiri. Zipatala za m'maboma ndi chipatala chachikulu cha ku Gweru zili ndi gawo lothandiza ana ochedwa kukula, ndipo mwana wofika kumeneko asanayambe sukulu amapindula kwambiri ndi masewera, zolimbitsa thupi ndi maphunziro a kayankhulidwe omwe makolo amaphunzitsidwa kukapitiriza kunyumba.